Ndinalemba Dzina la Mkazi Wanga

Kokani chitsekocho pang'ono, achimwene muli kukhomoko. Sikuti ndikuopa, ayi, munthu ngati ine angandilandenso chiyani? Ndikuopera inu amene muli ndi ana m'nyumba. Abusa andipempha kuti ndinene mmene ndinasiyira mowa, ndipo ndawachenjeza kale kuti nkhani yanga siyokoma ngati za anzanga aja amaimirira pano n'kumati tsopano ali ndi ng'ombe, mkazi anabwerera, ana ali pa sukulu. Ine ng'ombe ndilibe. Mkazi sanabwerere. Chimene ndili nacho ndi kope ndi pensulo basi. Ndiye amene mwabwera kudzawomba m'manja, pepani, mwalakwitsa tsiku.

Dzina langa ndine Yotamu. Kwathu ndi ku Kapondo, koma ndinakwatira kuno ku Mkanda, m'mudzi wa kumalire uja, ndipo ndi kumene imvizi zandipezera. Ndili ndi mwana mmodzi, wamkazi, dzina lake Enelesi. Amakhala tsidya ilo, ku Zambia, mtunda woti ukanyamuka m'mawa pa njinga umakafika dzuwa lisanalowe. Ndinamuona komaliza ali ndi zaka zisanu. Lero ndi mayi wa pakhomo pake. Zonse zimene ndinene pano ndi za mwana ameneyu.

Amuna amene munakhalapo pa chikamwini mukudziwa mmene zimakhalira. Munda ndi wa mkazi, nkhokwe ndi ya mkazi, ana ndi a malume awo. Ukati uyankhule pa bwalo amakuyang'ana ngati nkhuku yalowa m'tchalitchi. Ine zimenezi zinkandiwawa kwambiri, chifukwa ndinali nditafika sitandade eyiti ndipo m'mudzi monsemo munalibe wolemba bwino kuposa ine. Ndiye pamene a tcheyamani a nthambi ya chipani anandiitana n'kunena kuti, "Iwe mkamwini wa kwa Naphiri, kuyambira lero uzitilembera," mutu unakula tsiku lomwelo. Anandipatsa kope lachikuto cholimba ndi bolopeni. Anthu anayamba kundidzukira pa mpando. Alamu anga omwe ankandituma kukasaka mbuzi anayamba kunditchula kuti a Sekilitale.

Mkazi wanga Naphiri, apongozi anga, ndi mabanja ena angapo ankapemphera mpingo uja umene sulola anthu ake kugula khadi la chipani. Mukuudziwa, sindiutchula. Ine sindinkapemphera nawo. Kawiri konse ndinamugulira khadi n'kulisiya pa mphasa, ndipo kawiri konse ndinalipeza litabwerera m'thumba la jekete langa.

"Bambo a Enelesi," ankatero, "ine zanu sindikukanizani. Inunso zanga musandikakamize."

Tsiku lina masana a tcheyamani anabwera ndi anyamata a chipani. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iwo n'kunena kuti kwabwera mawu ochokera kumtunda oti tilembe mayina a onse opanda makadi. Ndinalemba. Nditafika kumapeto ndinatseka kope. A tcheyamani anandiyang'ana n'kuseka.

"Watha? M'nyumba mwakomo onse ali ndi makadi?"

"Amenewo ndikambirana nawo ndekha, a tcheyamani."

"Oo, chabwino. Ndiye bwera nalo kopelo, tipeze mlembi wina wa maso abwino."

Abale, palibe anandigwira pakhosi. Palibe anandionetsa chikwanje. Munthu anangotambasula dzanja kuti alandire kope, ine n'kuona mpando uja ukundichoka, ndikubwereranso kokasaka mbuzi za alamu. Ndinatsegula kope, ndinalemba dzina la mkazi wanga, ndi la apongozi anga pansi pake. Mumtima ndinkadzinamiza kuti angowaopseza basi.

Sabata isanathe anabwera pa lole, dzuwa lili paliwombo. Mmodzi anaima pakati pa mudzi n'kumawerenga mayina m'kope langa, aliyense akuona chikuto chake. Nyumba ya aliyense wotchulidwa anaiyatsa, nkhokwe zomwe. Apongozi anawamenya mpaka khutu limodzi linagontha. Nyumba yathu anaisiya, poti inali ya a Sekilitale. Dzuwa likupendeka anthu aja anayamba ulendo wa kumalire, ena opanda ngakhale bulangete. Naphiri anabereka Enelesi kumbuyo, ngakhale anali wamkulu woyenda yekha, anasenza mtolo wa ziwiya. Atafika pakhomo anaima n'kundiyang'ana.

"Ndaliona kope lija," anatero. "Mumalemba bwino."

Sanatukwane, sanalire. Anatembenuka n'kutsatira anzake.

Ndinatsala ndekha m'nyumba ya mkazi amene ndinamuthamangitsa, m'mudzi wa eni. Mkamwini wopanda mkazi amayenera kupinda mphasa yake n'kubwerera kwawo, koma alamu ankaopa kundichotsa chifukwa cha chipani, ndipo ku Kapondo mbiri inali itafika kale. Ndinapitako kamodzi. Mlongo wanga anandipatsa madzi akumwa nditaimirira, n'kundifunsa kuti ndibwerera nthawi yanji. Ndiye ndinabwerera, n'kumangokhala choncho. Moni ankandipatsa, koma wa mantha. Ndikafika pa bawo, masewera ankathera pomwepo. Pa maliro ndikakhala pa chipika, chipika chonse chinkatsala changa. Sabata yathunthu inkatha osamva munthu akunditchula dzina.

Kachasu yekha ndiye sanandithawe. Ndinayamba ndi kakapu ka madzulo, kenako ka masana, kenako ndinkangodzukira komweko. Njinga inapita, wailesi inapita, mbuzi za Naphiri zinapita imodziimodzi. Chitseko cha nyumba ndinachizula ndekha n'kukachitula kwa mayi wotcheza kachasu. Tsiku lina pa msonkhano ndinasanzira m'kope lomwe lija alendo ochokera kumtunda akuona, ndipo usekilitale unathera pomwepo. Anandiwomba makofi, udindo n'kupatsa mphwawo wa a tcheyamani. Chinthu chimene ndinagulitsira mkazi ndi mwana sichinakhale nane ngakhale zaka zitatu. Zinatsatira ndi zaka khumi za kugona m'ngalande, kusankha fodya wa eni kuti andipatse botolo, kukodzera thalauza masanasana anthu akuchokera ku tchalitchi. Kawiri ndinapita kudambo ndi chingwe. Ndinabwerako osati chifukwa cha chikhulupiriro, ndisakunamizeni, koma chifukwa cha mantha.

Amene anandidzutsa sanali m'busa, abusa mundikhululukire. Anali Mayi Tembo, aja ogulitsa zitenje ndi sopo, amene amadutsa malire pa njinga kudzera m'tinjira ta kutchire. Inali nyengo yokumba mtedza. Ndinali nditakhala pa khonde la golosale m'mawa, ndikudikira wina wachifundo woti andigulire. Iwo anatsika njinga, anaiyedzamiritsa pa khoma, anadzaima patsogolo panga.

"Inu ndinu bambo ake a Enelesi?"

Mawu amenewo ndinali ndisanawamve zaka zonsezo. Ndinacheuka kumbuyo poganiza kuti akunena wina.

"Ndakumana naye," anatero motsitsa mawu. "Ali m'mudzi wina kufupi ndi Chipata, kwa msuweni wa mayi ake. Anzawo aja anamwazikana, agogo ake anamwalira kalekale, atsala awiriwiri. Ndi namwali wamtali, mphumi ngati yanuyi. Atamva kuti ndimachokera ku Mkanda anandikokera kuseri kwa nyumba, akuti, 'Amayi, kwathu kumaoneka bwanji? Amayi anga ndikawafunsa amangokhala chete.'"

Ndinayamba kulira, kulira kwa chidakwa kuja, mamina ndi dovu pamodzi. Ndinati mukamuuze kuti bambo ake amamukonda, mukamuuze kuti kuli chitsime, kuli mango, mukamuuze kuti... Anandidula.

"Iyayi. Ine sindinyamula mawu a munthu wonunkha chonchi, ndikafika nawo atasasa. Paja amati munali katswiri wolemba? Lembani. Koma musaikemo dzina la munthu aliyense, lanu lomwe, kapena za chipani. Akandigwira nalo ndikati ndi pepala lokulungira sopo. Ndidutsanso pakatha milungu iwiri."

Anang'amba masamba anayi m'kope lawo, anandipatsa pamodzi ndi kapensulo kotafunidwa kumapeto, anakwera njinga n'kumapita.

Ndinafika kunyumba, ndinakhala pakhonde, ndinaika pepala pa bondo. Abale, dzanja linakana. Linkanjenjemera ngati la munthu wamalungo, pensulo n'kumangoboola pepala. Ndinathamangira kukamwa kakapu kamodzi kuti likhazikike. Linakhazikikadi, koma tsopano mutu ndiwo unabalalika, ndinalemba zinthu zoti kutacha ndinalephera kuziwerenga ndekha. Tsamba loyamba linatha choncho. Lachiwiri chimodzimodzi. Apo m'pamene ndinaona bwinobwino mmene ndinalili. Ndikamwa, dzanja lilipo koma mutu palibe. Ndikapanda kumwa, mutu ulipo koma dzanja palibe. Masamba atsala awiri, ndipo mwana akudikira kumva za kwawo.

Ndinasomeka masamba awiriwo m'denga, ndinati sindiwakhudza mpaka dzanja litagwira lokha. Masiku amenewo sindifuna kuwakumbukira, koma ndiwanena chifukwa ena mwa inu mudzadutsamo. Thukuta, kusanza ndulu, nyerere kumayenda m'thupi pomwe palibe nyerere. Panalibe wondiphikira phala. Ndinkakwawa kukakunkha mtedza m'minda ya eni n'kumatafuna wauwisi. Tsiku lililonse ndinkayesa dzanja polemba ndi chala pa dothi, n'kufufuta, n'kukagonanso. Tsiku lachisanu ndi chinayi zilembo zinaoneka ngati zilembo.

Ndinatenga tsamba limodzi n'kutsetserekera ku chitsime. Ndinakhala pa mwala, ndinayang'ana. Ndinali nditakhala m'mudzi umenewo zaka zonsezo, koma chitsimecho ndinachiona tsiku limenelo. Ndinalemba kuti ukachoka pa nyumba yathu umadutsa chulu chachikulu, ndipo njirayo imaterera mvula ikagwa. Ndinalemba kuti madzi ake ndi otuwa koma ozizira, kuti pamwamba pake pali mkuyu, kuti amayi ake ankakonda kutsukira miphika pa mwala wa kumanzere chifukwa ndi wosalala, iye ali kumbuyo akukoka duku. Ndinkalemba mzere umodzi, n'kuyang'ananso, n'kulemba wina. Pokweza mutu ndinapeza dzuwa litapendeka. Tsiku lathunthu linali litadutsa osaganiza za botolo, osadzimva kuti ndili ndekha. Zinali ngati ndikuyenda ndi mwana n'kumamulozera.

Mayi Tembo atabwera anawerenga chamumtima, anandinunkhiza ngati mwana wakhanda, anagwedeza mutu. Anakulunga tsambalo ngati ndudu, anachotsa mphira wa pa handulo ya njinga, n'kulilowetsa m'chitsulomo.

Tsopano amene mukufuna njira, yanga ndi iyi, sindikuti ndi ya aliyense. Ganyu woyamba amene ndinagwira ndili bwinobwino ndinagulira kope, ndisanadutse pa khomo la mayi wa kachasu, chifukwa ndikudzidziwa. Ndinadziikira lamulo la tsamba limodzi pa tsiku, m'mawa, ndisanachite china chilichonse. Chilakolako chikandigwira masana, poti chimagwirabe mpaka lero, sindilimbana nacho nditakhala pansi. Ndimanyamula kope n'kupita kukayang'ana chinthu chimodzi mpaka nditachilemba chonse. Ndalemba dimba la agogo ake ndi khonje wa m'malire mwake amene ena ayamba kumuzula. Ndalemba mmene timapachikira fodya m'chigafa, mmene ngolo imalirira potsika pa mlatho, malo amene pamamera bowa woyamba. Ndinagwanso kawiri, musaganize kuti ndine mngelo. Ulendo wachiwiriwo Mayi Tembo anandipeza ndilibe tsamba, anangoti, "Ndiye ndikamuuze kuti chiyani?" Sindinagwenso.

Anthu ankati a Sekilitale achita misala, ena ankati ndayambiranso kulemba mayina, moti amayi ankathawa pa chitsime ndikafika. Koma tsiku lina ndili kumanda, ndikuyesa kukumbukira kuti makolo a Naphiri anagona pati, ndinamva munthu akutsokomola kumbuyo. Anali alamu aakulu, malume ake a Enelesi, amene anali asanandiyankhule chichokereni mlongo wawo. Sanandiyang'ane. Analoza ndi ndodo n'kunena kuti, "Agogo ake aamuna ali apa, pa msukupa. Apo mukuyang'anapo ndi a eni." Anangotero n'kumapita. Ndinadziwa kuti adziwa kumene masamba amapita, ndipo sanakanene.

Yankho linachedwa. Patatha miyezi isanu m'chitsulo muja munatuluka kapepala. Zilembo zinali za Enelesi koma mawu anali a mayi ake: "Amayi akuti mtengo wa pa chitsime si mkuyu, ndi katope." Basi, omwewo. Ndinathamanga kukaona. Unalidi katope, munthu wa sitandade eyiti! Ndinakhala pansi pake n'kuseka mpaka misozi, chifukwa ndinadziwa kuti mwana akamawerenga, mkazi wanga amamvetsera. Mawu ake kwa ine ndi okhawo pa zaka zonsezi. Mvula yotsatira chifuwa chinamutenga Naphiri. Anamuika konko, ine ndinamva patatha mwezi.

Chimwalirireni mayi ake, Enelesi anayamba kulemba pafupipafupi. Ankafunsa ngati mango a pakhomo akuberekabe, ngati ndili ndi bulangete, ngati ndimadya. Anandiuza kuti wakwatiwa ndi woyendetsa lole, munthu wofatsa. Kenako analemba kuti zinthu zikadzafewa adzabwera kudzaona mudzi wa mayi ake, ndipo adzagona m'nyumba imene anabadwira. Abale, ndinafolera nyumba. Ndinasema chitseko. Ndinazira pansi ndekha, anthu akufa nako kuseka, ine osasamala. Pa moyo wanga wonse sindinakondwepo ngati miyezi imeneyo.

Ndiye chaka chathachi, nthawi yokolola, kunabwera kalata imene ndaiwerenga kambiri moti ndinena pamtima. "Atate, pali chinthu chimodzi chimene Amayi anakana kundiuza mpaka kumwalira. Ndimakumbukira moto, ndimakumbukira mwamuna akuwerenga mayina m'kope. Inu mumaona zonse ndipo simunama. Ndani analemba dzina la Amayi m'kope limene lija?"

Apo m'pamene ndinadziwa kuti Naphiri sanamuuze. M'njala, m'matenda, m'dziko la eni, mkazi uja anandisungira mwana.

Ndinakhala masiku atatu osalemba. Bodza linali pafupi ndipo linali losavuta, chifukwa a tcheyamani aja anamwalira, sakanadzuka kudzatsutsa. Mayi Tembo anati, "Ine sindinamuuze ndipo sindidzamuuza. Zili kwa inu." Ndinayenda mpaka pa mpanda wa mayi wa kachasu, ndinaima, fungo likundikoka. Chimene chinandibweza n'chakuti ndinali nditalemba masamba ochuluka chonchija osaikamo bodza, ndipo mwana ankawakhulupirira onse. Ndikanama pa ili lokha, onse aja asanduka nyambo yomukokera kwa munthu amene sakumudziwa. Ndinabwerera kunyumba n'kulemba zonse, osasiyako, ndi chifukwa chake chomwe. Sindinapemphe chikhululukiro, chifukwa ndinaona kuti kumeneko n'kupemphanso china kwa munthu amene ndinamulanda kale zambiri. Tsamba limenelo silinali lokulungira sopo, ndipo Mayi Tembo analinyamula akudziwa.

Miyezi isanu ndi iwiri kunali zii. Ndinkalembabe tsamba langa m'mawa uliwonse, Mayi Tembo ankanyamula, ankabwerako chimanjamanja. Ankati mwana amalandirira pakhomo, salankhula, ngakhale mpando sawapatsanso.

Ndikuona achimwene apo mukufuna kufunsa ngati ndimanong'oneza bondo. Masiku ena inde, kwambiri. Sindikuuzani kuti kunena zoona kumapindulitsa, ine sikunandipindulitse kanthu. Chimene ndikudziwa n'chakuti kukacha ndili ndi chochita, ndipo pa dziko pano pali munthu mmodzi amene ndimalankhula naye ngakhale iye sakundifuna. Kwa munthu ngati ine zimenezo n'zambiri, n'zimene zandifikitsa pano ndili wosaledzera. Inu amene akazi ndi ana anu akadali m'nyumba, kalankhuleni nawo ndi pakamwa, lero lomwe.

Mwezi wathawu yankho linabwera. Pamwamba panalibe moni. Analemba kuti, "Ndamva. Sindibwera. Za mudzi wa Amayi pitirizani kulemba, koma pansi musamalembe kuti 'ine bambo wako'. Muzilemba dzina lanu."

Nonse mukudziwa zimene zimachitikira mwini dzina likapezeka pa pepala lodutsa malire masiku ano. Kaya iye akudziwa, kaya sakudziwa, sindinamufunse. Kutacha ndinalemba za nsungwi za kudambo, mmene zaphukira mvula ino, ndipo pansi ndinalemba kuti Yotamu. Mayi Tembo analiyang'ana dzinalo n'kundifunsa.

"Mukudziwa kuti akalipeza abwera kwa inu?"

"Ndikudziwa," ndinatero. "Koma ndi zimene wandiuza mwana. Pitani nalo."

Anapita nalo.